Kwa Gelesomu, Wofunsa za Nsomba

Wandilembera uli ku Lusaka
kuti wagula ndodo yowedzera yonyezimira,
ya kawilo kolira ngati nkhululu,
ndipo ufuna kudziwa ngati kuno ku Chipata
nsomba zikudya nyambo.
Watchula ziwiri: basi ndi tirauti.

Tiyambe ndi tirautiyo.
Ndafunsa ku Kapata, pa mabenchi a kapenta.
A Tisauke Daka ati mwina ndi mankhwala a mutu.
A Yotamu Jere, aphunzitsi opuma, anaiona m'buku,
akuti imafuna madzi ozizira oluma mano,
othamanga pa miyala.
Mwana wa mlongo wanga,
athu ano mu Okutobala
ungasambitsiremo khanda osawateleka pamoto.
Nsomba yakoyo ingapse yamoyo.

Basi ndiye ndimamudziwa.
Tinaonana kamodzi.

Linali Loweruka, mu Julaye.
Ndinatseka kashedi kanga kokonzeramo njinga,
n'kupalasa mpaka ku damu la Lutembwe
zala zitachita dzanzi pa handulo.
Ndodo yanga ndi nsungwi.
Choyandamitsa ndi kachidutswa ka patapata.
Mbedza ndinaipinda ndekha ku sipoko ya njinga
ya munthu amene sanabwerenso kudzalipira.

Patapata anagwedera kawiri, kenako zii.
Chingwe chinandicheka chala ichi.
Anatumphuka m'madzi, wobiriwira, wonenepa ngati mkono wanga,
kukamwa yasaa, moti nkhonya ikanalowamo,
nandiyang'ana,
napukusa mutu ngati munthu wokana ngongole,
nalavula mbedza yanga itawongoka.
Ndinaipachika pa msomali kushedi.
Makasitomala amayesa ndi chinyalala.

Papita zaka zitatu.
Chiyambire pamenepo ndi timatemba,
mlamba wonunkha matope mwa apo ndi apo,
tsiku lina nsapato ya kumanzere.

Usiku kumabwera anyamata ndi maneti a udzudzu
amene amayi awo analandira kusikelo.
Amakokolola zonse, ndi mazira omwe.
Ndinafuna kuwakalipira,
koma wina ndi mwana wa Enelesi, wamasiye uja wa ku Mchini.
Kamng'ono kake kamagona kolumidwa
kuti kadzuke kakhute.
Ndikanati chiyani?

Mitengo ya m'phiri inatsika m'matumba a makala,
ina pa njinga zomwe ndinakonza ine.
Dothi nalo likutsatira, mvula iliyonse.
Paja tinkamira mpaka tsitsi tili anyamata
lero kakowa amaimapo mawondo ali gwa, ouma,
ndipo madimba a repu afika pomwe pankagona bwato.

Ndiye ukati nsomba zikudya bwanji,
ngati uwerenga ndi ndowa
khala komweko, usawononge ndalama ya tikiti.
Ya mufiriji ya m'sitolo sipukusa mutu.

Koma bwera.
Mwala uja ulipobe,
wosalala pomwe bambo ako ankakhala
atavula nsapato za kuntchito, masokosi m'thumba la jekete.
Zaka khumi ndi ziwiri tinawedza limodzi
ndipo sindikumbukira kuti anaphapo chokwana mbale.
Ankayang'ana nantchengwa akutola zinyalala za chisa,
n'kumandiuza za iwe, kuti masamu ukukhoza,
kuti udzapita kutali.
Wapitadi.
Dzuwa likapendeka ankakulunga chingwe pa chisononkho,
n'kunena liwu limodzi lokha.

Nyongolotsi ndidzakumba ine kuseri kwa bafa.
Iwe ubwere ndi kawilo kako kolira,
ndi chipewa, chifukwa mthunzi unatha.
Mwina iye uja akadali pansi pa bango,
wakalamba, wachenjera, chipsera changa chili kukamwa.
Mwina anadyedwa kale ku Mchini
ndi mwana amene sanafunse dzina lake.

Madzulo tikamakankha njinga pa chitunda
wina akafunsa kuti mwaphanji,
ndidzayankha monga ankayankhira bambo ako:
basi.
Iwe udzamve momwe ufunira.